Mlandu wa Laputopu Yokana Intaneti kwa Mayi Genoveva

MGWIRIZANO WA ALIMI A KACHEWERE NDI NYEMBA "KHASU LIMODZI"
Zolembedwa za msonkhano wa komiti

Tsiku: Loweruka, 19 Julayi 2025
Malo: Pabalaza pa nyumba ya Mayi Genoveva Ntaula, Assumane, Lichinga
Nthawi yoyambira: 9:20 m'mawa (yoitanidwa inali 9:00)

Opezeka
Bambo Amade Cassimo, Wapampando
Bambo Gilberto Matope, Wachiwiri kwa Wapampando
Mayi Genoveva Ntaula, Msungi wa Katundu
Mayi Nafissa Aly, membala
Bambo Baltazar Chitime, membala
Bambo Norberto Mpalila, Mlembi

Osapezeka
Mayi Zuleha Saide, Msungichuma (anapepesa, ali kumaliro ku Meponda)
Bambo Rui Bonomar, membala (sanapepese, ndipo aka ndi kachitatu)

1. Kutsegula msonkhano

Wapampando anapereka moni ndipo anakumbutsa komiti kuti msonkhano wapitawo unatsegulidwa ndi duwa, pemphero la Chisilamu, choncho ulendo uno unali wa Akhristu. Bambo Baltazar anapemphera kwa mphindi zisanu ndi ziwiri. Anapemphereranso mvula, ngakhale tili mu Julayi.

Wapampando anati msonkhano wachitikira kunyumba kwa Mayi Genoveva, osati kusukulu monga mwa nthawi zonse, chifukwa laputopu ya Mgwirizano imasungidwa kumeneko pamodzi ndi kabokosi kogawa intaneti. Anati komiti ione vuto la laputopuyo ndi maso ake, isadalire za m'maluwa. Kunali kozizira ndipo palibe amene anavula jekete.

2. Zolembedwa za msonkhano wa pa 15 Marichi 2025

Mlembi anawerenga zolembedwazo kuchokera pa laputopu, popeza kutsegula fayilo sikulira intaneti. Bambo Gilberto anapempha kuti mawu akuti "anakuwa" pa mfundo 4 asinthidwe akhale "ananena motsindika". Komiti inakana, chifukwa onse analipo tsikulo ndipo anamva.

Potsatira Lamulo 7, limene limati zolembedwa zilembedwe pa laputopu tsiku lomwelo la msonkhano, Wapampando anayang'ana tsiku limene fayiloyo inasungidwa ndipo anapeza 15 Marichi. Anafotokozera Mayi Nafissa, amene alowa m'komiti chaka chino, kuti lamuloli linabwera chifukwa mlembi wakale ankalemba patapita miyezi, n'kumaika m'kamwa mwa anthu mawu amene sananene. Kenaka Wapampando anayamikira Mlembi, amene mamembala amawatcha Professor chifukwa anali mphunzitsi. Anati pa zaka zisanu ndi chimodzi chibwerereni laputopu, Mlembi sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Mamembala anaomba m'manja. Mlembi anathokoza.

Zolembedwazo zinavomerezedwa.

3. Lipoti la Msungichuma

Linadumphidwa chifukwa eni ake palibe.

4. Kaundula wa olandira mbewu

Wapampando anakumbutsa komiti kuti bungwe limene lalonjeza mbewu yatsopano ya kachewere kwa alimi a mbali ya ku Chimbonila likufuna mayina a mamembala athu onse 63 isanakwane 12 koloko masana Lolemba, 21 Julayi. Mayinawo ayenera kupita pa fomu ya pa intaneti. Wapampando anati anakayesa kupereka mayina a papepala ku ofesi ya bungwelo, koma anawabweza mwaulemu. Pa foni fomuyo imatseguka theka lokha.

Mayi Genoveva, amene anapatsidwa ntchito yotumiza mayinawo, anati sanawatumize chifukwa laputopu ikukana intaneti. Komiti inagwirizana kupita ku mfundo 5.

5. Vuto la laputopu

5.1 Lipoti la Msungi wa Katundu

Mayi Genoveva anati Loweruka pa 12 Julayi laputopu inali bwinobwino, moti anatsegula fomuyo n'kuiwerenga. Lolemba pa 14 atafuna kutumiza mayina, zinakanika. Anati laputopu imalumikizana ndi waifai ya m'nyumba popanda vuto, chizindikiro chake chimadzaza mizere yonse, koma tsamba lililonse limene atsegula limabweretsa chenjezo loti njira yake ndi yosatetezeka, n'kuthera pomwepo. Mafoni a m'nyumbamo akugwira intaneti pa waifai yomweyo. Anati tsiku lomwelo anaimbira foni Wapampando kuwadziwitsa. Wapampando anavomereza.

Laputopu inayesedwa pamaso pa komiti ndipo inachita monga mmene Mayi Genoveva ananenera.

5.2 Ganizo la Wachiwiri kwa Wapampando

Bambo Gilberto anaimirira, ngakhale m'komiti ino timalankhula tili pansi. Anati: "Senhor Presidente, tisazungulire. M'nyumba muno Lamlungu lililonse mumadzaza azilamu awo kudzaonera mpira. Makina a Associação si televizhoni. Alowetsamo vírus, basi."

Mayi Genoveva anayankha kuti mpira umaoneredwa pa televizhoni, ndipo anailoza. Televizhoniyo inalipodi.

Bambo Gilberto anapitiriza kunena kuti mu Novembala anapereka nyumba yawo, imene ili ndi zitsulo m'mawindo, koma komiti inawanyoza. Anapereka ganizo la zigawo zitatu: laputopu isamutsidwire kunyumba kwawo lero, Mayi Genoveva achotsedwe pa udindo wa Msungi wa Katundu, ndipo mbewu ikatiphonya, msonkhano waukulu wa mamembala uuzidwe dzina la amene wachititsa. Bambo Baltazar anaikira kumbuyo ganizolo. Anati alibe chifukwa ndi Mayi Genoveva, koma mbewu yawo ya kachewere yakalamba ndipo ikubala timbatata tonga mazira a nkhunda.

Mayi Genoveva anati asunga katundu wa Mgwirizano zaka zisanu ndi zitatu, makasu, sikelo, mapampu opopera mankhwala, ndipo sipanasowepo ngakhale chingwe chomangira thumba. Anati mabanja 63 akauzidwa kuti iwo ndi amene awamana mbewu, kumunda kwawo ku Chimbonila sadzapitanso masana.

Wapampando anafunsa ngati pali munthu wina amene anagwira laputopuyo pakati pa Loweruka ndi Lolemba. Mayi Genoveva anayankha kuti: "Che Amade, buku la obwereka lilipo, ndipo amalisunga ndi Professor. Liwerengedwe."

Mlembi anatsegula bukulo. Dzina lomaliza linali la Mayi Zuleha, amene anabwereka pa 2 Epulo n'kubweza tsiku lomwelo. Mayi Genoveva anayang'ana Mlembi. Mlembi anatseka bukulo osawonjezera kanthu.

5.3 Kufufuza vuto

Mayi Nafissa anapempha kuti voti idikire kaye. Anati anaphunzirako za makompyuta pamene ankagwira ntchito yolemba makalata, ndipo si bwino kuweruza munthu matenda a makina asanadziwike. Wapampando analola. Bambo Gilberto anakhala pansi.

Poyamba Mayi Nafissa anazimitsa kabokosi ka intaneti ndi laputopu yomwe, n'kupempha kuti pawerengedwe mpaka 30 asanaziyatsenso. Bambo Baltazar anawerenga mokweza m'Chipwitikizi. Zitayaka, palibe chinasintha.

Mayi Nafissa anafunsa ngati m'kabokosimo megas, ndiye kuti mtolo wa intaneti, sanathe. Mayi Genoveva anaonetsa uthenga wosonyeza kuti alipo okwanira mpaka kutha kwa mwezi.

Kenaka Mayi Nafissa anachotsa dzina la waifai ya m'nyumba pa laputopu kuti ailumikize ngati yachilendo. Atafunsa mawu achinsinsi, Mayi Genoveva anakana kuwatchula. Anati: "Senha ya m'nyumba mwanga sindingainene pamaso pa munthu amene akufuna kundilanda katundu." Anadzuka n'kukalemba okha, ataphimba ndi dzanja. Laputopu inalumikizana msanga, mizere inadzaza, koma chenjezo lija linabweranso.

Mayi Nafissa anazimitsa kabokosi n'kugawira laputopu intaneti ya pa foni yawo. Laputopu inalumikizana ndi foniyo ndipo inakananso chimodzimodzi. Anati izi zikusonyeza kuti kabokosi kalibe mlandu, waifai ya m'nyumba ilibe mlandu, vuto lili m'kati mwa laputopu. Bambo Gilberto anati ndi zimene akhala akunena. Mayi Nafissa anati si zimene akhala akunena. Wapampando anapempha kuti asalankhule awiri nthawi imodzi.

Pofuna kuyesa mawu a Bambo Gilberto, Mayi Nafissa analamula laputopu kuti idzifufuze ngati ili ndi vairasi. Ntchitoyi inatenga mphindi 25. Pa nthawiyi Mayi Genoveva anabweretsa tiyi ndi mbatata yophika, ndipo anagawira aliyense, kuphatikizapo amene ankafuna kuwachotsa pa udindo. Bambo Gilberto anadya ziwiri. Vairasi sinapezeke.

Bambo Baltazar anati vuto ndi kuzizira. Anati wailesi yawo imachitanso chimodzimodzi mu Julayi, ndipo akaiika padzuwa imayamba kulankhula. Mayi Nafissa anati zimenezo sanaziphunzire, koma sizingapweteke munthu. Wapampando anati wamisala anaona nkhondo, tiyese. Laputopu inaikidwa pampando pakhonde kwa mphindi khumi, Bambo Baltazar akuilondera. Inabwera yofunda ndipo inakanabe.

Bambo Gilberto anati nthawi ikutha, laputopu ipite kwa wokonza mafoni wa kumsika akafufute zonse iyambirenso. Mayi Nafissa anachenjeza kuti kutero kungataye kaundula wa mamembala pamodzi ndi zolembedwa za misonkhano yonse. Apa Mlembi analankhula kutsutsa zofufutazo, ndipo analankhula mwamphamvu. Komiti inagwirizana nawo. Kupatula kuwerenga, awa ndi mawu okhawo amene Mlembi anali atanena chiyambireni mfundo 5, ndipo anali oteteza mafayilo.

5.4 Voti

Wapampando anati kufufuza kwalephera ndipo ganizo la Bambo Gilberto liyenera kuvoteredwa. Anakumbutsa kuti Mayi Genoveva sangavote pa nkhani yokhudza iwo eni, ndipo Wapampando amavota pokhapokha mbali ziwiri zafanana.

Ovomereza: Bambo Gilberto, Bambo Baltazar.
Okana: Mayi Nafissa.

Wapampando anafunsa Mlembi, amene sanakweze dzanja mbali iliyonse. Anawauza kuti akakana, mavoti afanana ndipo Wapampando agamula. Mlembi anati sali mbali iliyonse.

Ganizo linadutsa ndi mavoti awiri kwa imodzi. Mayi Genoveva anayamba kusonkhanitsa makapu a tiyi.

5.5 Kupezeka kwa vuto

Wapampando anapempha kuti nthawi ya voti ilembedwe. Mayi Nafissa, amene anali pafupi ndi laputopu, anawerenga pakona pa galasi lake kuti 11:21. Kenaka anati: "Ii, dikirani. Lero ndi pa chani?" Atauzidwa kuti ndi pa 19 Julayi, anati laputopu ikuti ndi pa 21 Marichi.

Anafotokoza kuti masamba a pa intaneti amayenda ndi ziphaso zokhala ndi masiku, ndipo laputopu imaona kaye chiphasocho isanalole tsamba kutseguka. Laputopu yoganiza kuti tili mu Marichi ikalandira chiphaso cholembedwa mu Juni imachikana, monga mlonda wa pachipata amakanira kalata yokhala ndi tsiku limene silinafike. N'chifukwa chake inkalumikizana ndi waifai iliyonse koma osatsegula kanthu.

Atalowa pokonzera nthawi, anapeza kuti pamene laputopu imadzikonzera yokha tsiku panali pozimitsidwa. Anati zimenezi sizichitika ndi mpira, vairasi kapena kuzizira. Pamafunika munthu wodziwa chimene akufuna, alowe, azimitse, asankhe tsiku ndi dzanja lake. Anayatsa pamalopo, tsiku linabwerera pa 19 Julayi, ndipo fomu inatseguka nthawi ya 11:29. Mayi Genoveva anasiya makapu n'kutumiza mayina onse 63. Uthenga wotsimikiza kuti alandiridwa unafika 11:48.

Bambo Gilberto anati ndi zokondweretsa, komabe dzanja limene linasintha tsikulo ndi la m'nyumba muno, ndipo voti yadutsa kale.

Wapampando anawerenga ndi zala. Anati ngati laputopu inali bwino Loweruka n'kudwala Lolemba, inagwiridwa Lamlungu pa 13, masiku asanu ndi limodzi apitawo. Anabwerera masiku asanu ndi limodzi kuchokera pa 21 Marichi ndipo anafika pa 15 Marichi. Anati: "Quinze de Março. Ndi tsiku lija tinakumana."

Palibe amene anayang'ana Mlembi. Onse anayang'ana tebulo.

5.6 Mawu a Mlembi

Mlembi anapempha kulankhula ndipo analoledwa.

Anati Lamlungu pa 13 Julayi, atachokera ku Misa, anabwereka laputopu kwa Mayi Genoveva. Sanalembe dzina lawo m'buku la obwereka, ndipo palibe akanawafunsa chifukwa bukulo amasunga ndi iwo. Atafika kwawo anabweza tsiku la laputopu kufika pa 15 Marichi, n'kulemba zolembedwa za msonkhano wa Marichi, zomwe zija komiti yaziombera m'manja pa mfundo 2. Anabweza laputopu 4 koloko madzulo ataiwala kukonza tsiku. Anati sankadziwa kuti tsiku lolakwika lingatseke intaneti. Koma anavomera kuti kuyambira Lolemba ankadziwa kuti womaliza kugwira laputopuyo anali iwo, ndipo ankadziwa zimenezi powerenga buku la obwereka komanso pa nthawi ya voti.

Wapampando anafunsa chifukwa chimene zolembedwa zinachedwera miyezi inayi.

Mlembi anati pa 15 Marichi pomwepo, atachoka kumsonkhano, anapeza akazi awo, Mayi Dalva, atagwa kukhitchini, mbali ya kumanja yosagwira ntchito. Mayi Dalva atatuluka kuchipatala, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza yakhala ntchito ya Mlembi yekha, popeza ana ali ku Nampula. Anati Mayi Dalva sanafune kuti anthu awaone m'mene alili, choncho aliyense wofunsa ankamuuza kuti anapita kwa mchemwali wawo ku Cuamba. Zolembedwa ankati alemba mawa, mawa lake n'kukhala Julayi. Anati akanatha kungouza komiti kuti achedwa, koma anazolowera kutchedwa munthu wosachedwa ndipo dzinalo linawakomera.

Bambo Baltazar anati iwo anapereka moni wopita ku Cuamba kawiri konse.

Wapampando anafunsa Mayi Genoveva chifukwa chimene sanatchule Mlembi pamene anafunsidwa. Mayi Genoveva anapempha kuti yankho lawo lilembedwe monga mmene alinenere, ndipo ndi ili:

"Professor, nyumba yanu ndi yachitatu kuchokera pano. Miyezi inayi ndakhala ndikuona mwamuna akuyanika zitenje ndi malaya a mkazi m'mawa uliwonse. Munthu amene ali ku Cuamba sadetsa zovala ku Assumane. Ndinati ali ndi chifukwa chake, ndisamuvule. Lero ndinakupatsani buku kuti mulankhule nokha, simunalankhule. Za Senhor Gilberto sizinandiwawe, amenewa timawadziwa, ndi m'mene anabadwira. Chandiwawa ndi chanu chija chakuti simuli mbali iliyonse. Munadya mbatata yanga, Professor."



5.7 Zogamulidwa

Wapampando anati voti ya pa 5.4 inachitika komiti itabisiridwa umboni, choncho yafafanizidwa. Mayi Genoveva akhalabe Msungi wa Katundu ndipo laputopu ikhalabe m'nyumba mwawo. Palibe anatsutsa.

Bambo Gilberto anapemphedwa kupepesa. Anati ngati Mayi Genoveva akhumudwa, akupepesa. Wapampando anati achotse "ngati". Anapepesanso kachiwiri popanda "ngati". Bambo Baltazar anapepesa osapemphedwa, koma anati akukhulupirirabe kuti kuzizira kunathandizirako.

Buku la obwereka lichoke kwa Mlembi lipite kwa Msungi wa Katundu. Linaperekedwa pomwepo, ndipo Mlembi analembamo dzina lawo pa 13 Julayi asanalipereke.

Pansi pa zolembedwa za 15 Marichi palembedwe kuti zinalembedwa pa 13 Julayi. Zidzawerengedwenso pa msonkhano wotsatira kuti aliyense aone ngati mawu ake ndi akedi. Bambo Gilberto anati pamenepo adzabweretsanso nkhani ya "anakuwa".

Mayi Nafissa anapemphedwa kulemba papepala, m'zilembo zazikulu, ndondomeko ya zoyesa laputopu ikakana intaneti, ndipo pepalalo limatidwe m'kati mwa chikwama chake. Anati ayamba ndi kuyang'ana tsiku.

Mlembi anapempha kutula pansi udindo. Bambo Gilberto anavomereza msanga. Wapampando anati nkhaniyi yafika pa khoswe wokhala pa mkhate, chifukwa wolakwayo ndi yemwenso ayenera kulemba mlanduwo, ndipo wina wodziwa kulemba zolembedwa m'komiti muno palibe. Mayi Genoveva anakana kuti Mlembi atule pansi udindo. Anati: "Akachoka lero, mawa nkhani idzamveka kuti laputopu inangodwala yokha. Ayi. Alembe yekha, lero lomwe, patebulo langali, asachotsepo kanthu." Komiti inavota. Okana kutula pansi udindo anali atatu, wovomereza mmodzi. Mlembi sanaloledwe kuvota.

Mlembi anafunsa ngati angachotse mawu owayamikira a pa mfundo 2. Wapampando anati mawuwo ananenedwa ndipo manja anaombedwa, choncho akhale pomwepo.

6. Zina ndi zina

Bambo Baltazar anafunsa ngati mbewu yatsopanoyo ndi ya khungu lofiira kapena loyera. Palibe amene ankadziwa.

Mlembi anadziwitsa komiti kuti kulemba zonsezi lero kutenga maola atatu kapena kuposerapo, ndipo sangasiye Mayi Dalva okha nthawi yaitali chotero, popeza anawasiya kale kuyambira m'mawa. Anapempha kuti atenge laputopu akalembere kwawo. Mayi Genoveva anati laputopu situluka. Anati Mlembi akhale patebulo, iwo apita kukakhala ndi Mayi Dalva, ndipo anatambasula dzanja kupempha kiyi wa nyumba ya Mlembi.

Mlembi anati Mayi Dalva safuna kuonedwa ndi anthu. Mayi Genoveva anafunsa kuti zimenezo anazinena liti. Mlembi anati mu Marichi, sabata imene anatuluka kuchipatala. Mayi Genoveva anafunsa ngati anawafunsanso chichokereni nthawiyo. Mlembi anati ayi.

Mayi Genoveva anati: "Ndiye si laputopu yokha imene munaisiya mu Março."

Wapampando anati nkhani imeneyi si ya komiti ndipo Mlembi ali ndi ufulu wosailemba. Mlembi anapereka kiyi. Mayi Nafissa anati apita nawo akawathandize kunyamula mbatata yotsala.

7. Msonkhano wotsatira

Loweruka, 15 Novembala 2025, 9:00 m'mawa, kusukulu. Bambo Rui alemberedwe kalata.

8. Kutseka

Wapampando anatseka msonkhano ndi duwa yaifupi nthawi ya 12:40 masana.

Zolembedwazi zalembedwa patebulo la Mayi Genoveva kuyambira 1:05 mpaka 4:30 masana. Mlembi wachita manyazi polemba mfundo 5.2 ndi 5.4, ndipo wazilemba monga mmene zinachitikira. Nthawi ya 3:15 Mayi Nafissa anabwera kudzatenga chipeso ndi mafuta odzola m'mutu. Anati Mayi Dalva akhala pakhonde, ndipo akufunsa chifukwa chimene anthu a Khasu Limodzi anatengera miyezi inayi osabwera kudzawaona. Yankho la funso limeneli Mlembi akalipereka yekha.

Tsiku limene laputopu ikusonyeza: 19 Julayi 2025.

Amade Cassimo, Wapampando: ______________________

Norberto Mpalila, Mlembi: ______________________

Tsiku laonedwa ndi Genoveva Ntaula, Msungi wa Katundu: ______________________